Maere Agwera a Yotamu

Lilongwe
5 Juni 2023

Okondedwa Tata,

Mwaghona kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chikundiluma ngati ndinachilakwira. Amama ali bwanji ndi bondo lija? Mpunga mwamaliza kupuntha?

Ndalemba kalata monga munalamulira, poti mumati foni imakupatsani theka la mawu, theka linalo nkuthera panjira. Ndalembanso m'Chichewa chifukwa ulendo uja ndinayesa Chinkhonde munandibwezera kalata yanga itafiira ndi inki. Si mlandu wanga kuti munakandilerera ku Kasungu kumene munkaphunzitsa. Anyamule kalatayi ndi a Swaleh a pagolosale, abwera kuno kudzapikula katundu.

Nkhani yabwino ndi yakuti mutu wa kafukufuku wanga auvomereza. Ndifufuza mmene alimi a mpunga kwathu ku Kaporo amachitira madzi akasefukira: ziweto amazisamutsa bwanji, mbewu amasunga kuti, ndipo zinthu zikavuta amathamangira kwa yani. A Dokotala amene amandiyang'anira, mayi osaseka chisawawa, anandibweza kangapo pa chaputala cha njira zofufuzira. Iwo amati funso likhale labwino chotani, njira ikakhala yoipa ndiye kuti ukupeta mpunga ndi lichero lobooka. Lero lokha ndi pamene agwedeza mutu, ndipo ndatuluka mu ofesi mwawo ndikuvina.

Ndibwera mu Ogasiti, ndidzacheza ndi mabanja makumi anayi. Chimene ndikupempha kwa inu nchaching'ono. Mungodziwitsa amfumu ndi alangizi a zaulimi kuti mwana wanu akubwera ndi mafunso, anthu asadzandiyese wandale. Mafunsowo ndawaika m'envelopu momwemu kuti muone ngati Chinkhonde chake chikumveka. Apa pokha ndiye cholembera chanu chofiira chija ndachiloleza.

Munditumizireko mpunga watsopano. Wa m'sitolo za kuno ndi dzina chabe, fungo ulibe.

Ndine mwana wanu,
Ipyana


Kaporo
14 Juni 2023

Mwana wanga Ipyana,

Ndagha chifukwa cha kalata yako. Ife kuno Kyala, Mulungu wathu, akutisunga. Bondo la amayi ako limapweteka pokapuntha mpunga, koma popita kumsika limachira lokha. Mpunga tamaliza, ndipo thumba lako lili kwa a Swaleh.

Mafunso ako ndawawerenga. Zolakwika zilimo, koma si za imfa. Ndakonza.

Tsopano za anthu makumi anayi aja usataye nazo tulo, chifukwa ndawapeza kale. Sindinatole chisawawa ayi. Ndasankha anthu odziwa kuyankhula pagulu: akulu a mpingo, amayi a bungwe la Umanyano la kutchalitchi, ndi alimi amene minda yawo sichititsa manyazi mlendo akafika. Dzina loyamba ndi langa, osati chifukwa chodzikonda, koma poti wina ayenera kutsogolera. Zidakwa, amanyazi ndi aja amangoyankha kuti "kaya" ndawasiya. Mwana wa Hudson Mwakalinga sangalephere sukulu yapamwamba chifukwa cha anthu osadziwa kuyankha.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndizikhala nawo pansi pa mtengo wa mango nkumawakonzekeretsa. Zaka zonse zija ndinkakonzekeretsa ana a Sitandade 8 sizinapite pachabe. Tayamba kale ndi funso lachikhumi, lija lakuti madzi akasefukira mumathamangira kwa yani poyamba. Ena amati kwa apongozi, wina anati mumtengo. Ndawauza kuti yankho lolondola ndi lakuti poyamba kwa amfumu, kenako ku komiti ya ngozi, pomaliza kumpingo. Pofika Ogasiti adzakhala akuyankha ngati madzi.

Kutsidya kwa ngalande, kwa mng'ono wanga Yotamu, sindinapiteko. Dzina lake mulibe, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa.

Pobwera unditengere magalasi owerengera. Awa ndili nawowa ayamba kundinamiza.

Ndine atate ako,
Hudson Mwakalinga


Lilongwe
24 Juni 2023

Tata wanga,

Moni kwa inu ndi Amama. Mpunga ndalandira, ndipo anzanga a m'hositelo ayamba kundipatsa ulemu umene sankandipatsa kale.

Koma Tata, chonde, sukulu ya pansi pa mango ija itsekedwe lero lomwe! Ndawerenga kalata yanu ndikuseka, kenako ndagwira mutu. Ndikudziwa kuti mwachita izi pondikonda, ndipo ndathokoza. Kungoti awa si mayeso. Palibe yankho lolondola. Amene anati amathawira mumtengo uja ndi amene ndikumufuna, chifukwa ananena zimene amachitadi.

Mukukumbukira mmene mumakalipira ogulitsa amene amaika mpunga wabwino pamwamba pa thumba, woswekasweka nkuubisa pansi? Wogula wanzeru sayang'ana pamwamba, amabaya thumba m'mbali mwake pamalo pamene wogulitsa sanasankhe. Inu mwandisankhira wapamwamba wokhawokha. Ndikapita nawo kwa a Dokotala adzati ku Kaporo kulibe osauka, kulibe amasiye, kulibe omwa mowa, kuli akulu a mpingo okhaokha.

Njira yake ndi ya maere. Alangizi ali ndi kaundula wa mabanja onse olima mpunga m'dera lathu. Banja lililonse tilipatsa nambala, manambalawo tiwalemba pa timapepala, nkumatola osayang'ana. Amene watuluka, watuluka. Sindisankha ine, simusankha inu, ngakhale amfumu sasankha. Tikatero aliyense amakhala ndi mwayi wofanana, ndipo zimene ndidzapeze zikhoza kuimira mudzi wonse.

Musakwiye. Mukawauze anthuwo kuti aiwale zonse zimene mwawaphunzitsa. Ndikudziwa kuti kwa mphunzitsi mawu amenewa ndi owawa.

Mwana wanu,
Ipyana


Kaporo
17 Julaye 2023

Ipyana mwana wanga,

Monire. Ndine amayi ako. Ndalemba ndine chifukwa atate ako akuti dzanja lawo latopa, koma chatopa ndi china.

Kalata yako yafika dzana. A Swaleh pochoka ku Lilongwe anadzera kwawo ku Mangochi kukadya Idi, kalata yako nkudya nawo Idi m'chikwama. Apepesa kwambiri, mpaka anatipatsa paketi ya shuga. Koma madzi akatayika saoleka. Nthawi yonseyi sukulu ya pansi pa mango inali mkati, ndipo anthu aja tsopano mayankho akuwaimba ngati kwaya. Ukangokumana ndi mmodzi panjira nkunena kuti madzi, iye amati amfumu, komiti, mpingo.

Atate ako atawerenga anaipinda bwinobwino, nkupita kukakhala kukhola ndi ng'ombe yawo Kilombero mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera anati, "Ndiye kuti masiku ano sukulu akuphunzitsa juga." Koma Lamulungu lino ati akalengeza kuti sukulu yatsekedwa.

Za funso lako lachikhumi lija, ine ndimaseka mumtima ndikamamva atate ako akuti amfumu. Kuyambira pamene tinabwerera kuno kuchoka ku Kasungu, madzi akangoyamba kukwera, atate ako ankathamangira kwa alamu a Yotamu, alamu nawo nkuthamangira kuno, nthawi zina nkuphonyana panjira. Mvula zinayi zapita tsopano osapatsana ngakhale moni. Ndipo nkhani yake ndi iti? Chaka chija cha madzi aakulu atate ako anali kumsonkhano wa mpingo kuboma. Alamu anakwezera kumtunda ng'ombe yawo Faya, koma Kilombero anadula chingwe nkuthawa. Anapezeka mawa lake ataima m'madzi ofika m'khosi, ali moyo. Atate ako anati mng'ono wawo anapulumutsa yake dala nkusiya ya mkulu wake. Alamu anati ngati ndi choncho, aliyense asunge yake. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Goli linatsala kwathu, likungodya utsi kudenga la khitchini. Pulawo inatsala kwawo. Ng'ombe imodzi silima, ndiye chaka ndi chaka ife timakagwada kwa anthu adera kubwereka ng'ombe yachiwiri ndi pulawo, iwonso chimodzimodzi, tonse nkumalima anzathu atawokera kale. Zimandinyansa, mwana wanga. Ndakuuza iwe chifukwa atate ako ndikawauza, makutu awo amagontha kuposa masiku onse.

Ubwere ndi mafuta opaka pabondo aja.

Amayi ako,
Leticia


Lilongwe
30 Julaye 2023

Okondedwa Tata,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amama. Zikomo potseka sukulu ija. Magalasi ndagula, mafuta a Amama ndagulanso.

Maere tachita Lachisanu. Alangizi anatumiza kaundula uja, timapepala tinatiika m'katoni, mnzanga wa m'kalasi nkumatola atatseka maso, a Dokotala akuonerera. Ndili ndi nkhani ziwiri, ndipo ndibwino muzimve kwa ine ndisanafike.

Yoyamba ndi yakuti dzina lanu silinatuluke.

Yachiwiri ndi yakuti dzina la atate aang'ono a Yotamu latuluka.

Ndinawauza a Dokotala kuti ameneyu ndi mbale wanga ndipo kwathu kuli kankhani. Anandifunsa kuti, "Amalima mpunga?" Ndinati inde. "Madzi amawapeza?" Ndinati munda wawo ndi umene umayamba kumira. Anati ndiye palibe chifukwa chowachotsera. Ngati iwo eni akana kufunsidwa, umenewo ndi ufulu wawo, koma ine sindingawadumphe chifukwa choti kwathu sitimwerana madzi. Ubalewo ndingoulemba poyera m'lipoti kuti owerenga adziwe. Ndikachotsa dzina limodzi chifukwa chondivuta, maere onse asanduka bodza.

Inu ndili nanu ndi ntchito ina. Ndisanayambe kufunsa anthu enieniwo ndiyenera kuyesera mafunso pa munthu mmodzi kapena awiri, kuti ndione ngati akumveka komanso ngati sakutalika. Mayankho a poyeserapo salowa m'lipoti, koma popanda iwo sindingayambe. Ndani angandiuze funso lopunduka kuposa inu?

Ndinyamuka sabata yachitatu ya Ogasiti. Ndakusowani nonse, ndasowanso mbalagha ya Amama, nthochi zophika ndi nyama zija.

Ipyana


Kaporo
8 Ogasiti 2023

Ipyana,

Tili bwino. Kalata yako ulendo uno yafika msanga, monga zimachitira nkhani zoipa.

Ndiye kuti ine, amene ndakulipirira sukulu kuyambira mkaka uli m'mphuno, mayankho anga ndi madzi otsukira mpunga, ogwiritsa ntchito nkutaya. Koma munthu amene mizere yake yolima imakhota ngati njira ya woledzera, mawu ake akalowa m'buku la kuyunivesite. Katoni yakoyo ili ndi tsankho. Komabe zoyeserazo ndavomera, chifukwa funso lachisanu ndi chiwiri likadali lopunduka.

Za Yotamu ndikupempha monga kholo. Bweza kapepalako, utole kena. Katoni siyankhula, ndipo a Dokotala akowo sadziwa ngakhale kumene kuli Kaporo. Iwe sukuona zimene ndikuona ine. Tsiku limene udzawoloke ngalande ija, mudzi wonse udzati Hudson walephera kupirira, watuma mwana wake kukapepesa. Adzanena kumsika, adzanena kudibi la ng'ombe, ndipo Yotamu adzayenda chifuwa chili patsogolo. Ine ndidzayang'ana kuti?

Sindikuletsa kubwera. Chipinda chako amayi ako azira kale. Njinga yanga idzakunyamula kupita khomo lililonse limene katoni yako yasankha, ngakhale kwa zidakwa. Koma kutsidya kwa ngalande njinga yanga sipita, ndipo ndikadakonda kuti nawenso usapite.

Atate ako,
H. Mwakalinga


Lilongwe
3 Okutobala 2023

Tata wanga wokondedwa,

Ndafika bwino. Basi inatifera pang'ono pa Chiweta, koma tinapitirira. Amama muwauze kuti nthochi zija zafika zitapsa zonse pamodzi, ndipo hositelo yonse yadalitsika.

Ndathokoza chifukwa cha masabata onse aja. Munandipalasira njinga dzuwa likuswa mtengo, nkumadikira panja pa makomo a anthu amene simukanawasankha. Funso lachisanu ndi chiwiri munalikonzadi, ndipo a Dokotala ati tsopano likumveka bwino kuposa mmene iwo analisiyira. Ndawauza kuti ndi ntchito yanu.

Ophunzira anu a pansi pa mango amene anatuluka m'maere anandivutitsa. Ndikangofika pa funso lachikhumi amaongola msana nkuyamba kuti amfumu, komiti, mpingo. Ndinasintha kafunsidwe. Ndimati, "Tandiuzeni za tsiku limene madzi analowa m'nyumba muno. Munali pati? Munanyamula chiyani?" Munthu akayamba kufotokoza tsiku lenileni, kwaya ija amaiwala. Zonsezi ndazilemba m'chaputala cha zovuta zimene ndinakumana nazo, koma dzina la mphunzitsi wa kwayayo ndalibisa.

Tsopano za tsiku lija. Munati tayala laphwa, ine ndinapita wapansi. Potuluka kwa atate aang'ono ndinakupezani pansi pa mtengo wa pafupi ndi ngalande mukupopa tayala, ndipo Tata, tayala limene lija linali lolimba ngati mwala. Njira yonse simunandifunse kanthu. Tikudya ndi pamene munati, "Ndiye wati chiyani?" Ine nditakana kukuuzani munasamba m'manja chakudya chikadalipo. Mpaka tsiku lonyamuka munkandiyankha mawu amodziamodzi. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Ndikufuna mumvetse. Ndisanafunse munthu aliyense ndimamuwerengera mawu a chilolezo, akuti ali ndi ufulu wokana, ndiponso kuti zimene anene sindidzaziphatikiza ndi dzina lake pamaso pa wina aliyense. Akavomera amasaina kapena kudinda chala. Atate aang'ono anandifunsa kawiri kuti, "Ngakhale atate ako?" Ndinati ngakhale atate anga. Ndikathyola lonjezo limenelo akhoza kundiimitsa kafukufuku yense, koma chachikulu si chimenecho. Munthu amene anandiphunzitsa kuti mawu ndi ngongole ndinu.

Zimene ndingakuuzeni ndi zimene aliyense wodutsa panjira angaone. Faya wanenepa. Denga la khitchini yawo likufuna udzu. Atate aang'ono achita imvi mbali imodzimodzi ndi inu, ndipo akamaganiza amakanda khutu lakumanzere monga mumachitira. Anandipatsa chambiko, ndinamwa makapu awiri.

Za kuti mwandituma kukapepesa, palibe amene ndinamva akunena. Anthu a kumsika anali otanganidwa ndi kundifunsa chifukwa chimene katoni inawasiyira iwo.

Musandikwiyire nthawi yaitali, Tata. Sindinazolowere.

Mwana wanu,
Ipyana


Kaporo
21 Okutobala 2023

Mwana wanga,

Tili bwino, koma kutentha kwa chaka chino ngakhale abuluzi akudandaula. Magalasi aja akugwira ntchito.

Sindinakwiye. Tayala lija linali ndi vuto la mkati limene munthu wosadziwa njinga sangalione.

Za lonjezo lako ndamva, ndipo ndikulilemekeza. Sindikufunsanso zimene Yotamu ananena, ndilibe nazo ntchito. Ndikungofuna kudziwa kanthu kamodzi, monga munthu amene anathandiza kukonza mafunsowo. Pa funso lachikhumi, kodi anatchulapo munthu wina aliyense wopuma pa ntchito ya uphunzitsi? Sukuyenera kulemba chilichonse. Ngati anatchula, kalata yako yotsatira ibwere m'envelopu yoyera. Ngati sanatchule, ibwere m'ya khaki. Ukatero pakamwa pako sipanayankhule, dzanja lako silinalembe, ndipo a Dokotala ako agona tulo tabwino.

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri. A Manase amene anatibwereka ng'ombe chaka chatha akuti chaka chino tidikire mpaka amalize minda yawo yonse. Tidzawokeranso mochedwa.

Atate ako okukonda,
Hudson


Lilongwe
4 Novembala 2023

Tata,

Moni. Monga mukuonera, kalata iyi ilibe envelopu. Ndaikulunga m'nyuzipepala yakale nkumanga ndi ulusi. A Swaleh andiyang'ana modabwa, koma ndawauza kuti ndi nkhani ya m'banja.

Panopa ndili pa ntchito yomvetsera zimene ndinajambula nkumazilemba liwu ndi liwu, kenako nkuika pamodzi mayankho ofanana. Mayina onse ndawachotsa. M'lipoti mudzangoona kuti mlimi wakuti, nambala yakuti, ndipo ngakhale mutavala magalasi awiri simudzadziwa kuti ndani ndi ndani.

Sabata ino a Dokotala amatiphunzitsa kusiyana kwa nkhani yoitenga kwa mwini wake ndi yoimva kudzera mwa wina. Akuti yodzera mwa wina imafika itatha mphamvu ngati tiyi wobwereza masamba, ndipo wofufuza weniweni, ngati mwini nkhani ali moyo ndipo akufikirika, amapita kukamufunsa yekha. Ndangoti ndikugawireni, poti mumakonda kudziwa zimene tikuphunzira.

Ndimakukondani, ngakhale muli ochenjera.

Ipyana


Kaporo
10 Disembala 2023

Ipyana,

Monire mwana wanga. Mvula yagwa, bondo likupweteka, koma ndalemba mothamanga kuti a Swaleh asandisiye, chifukwa zimene ndaona sindingazisunge ndekha.

Kalata yako ya m'nyuzipepala ija atate ako anaiwerenga kambirimbiri. Sabata yonse amangoti, "Safunsa anadya phula," osauza munthu aliyense, kungouza khoma. Lachinayi m'mawa ndinawaona atavala tayi. Ndinafunsa ngati kuli maliro. Anati, "Mayi, ndayamba kafukufuku. Ngati mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo akutha, ine ndingalephere?"

Anatulutsa pepala la mafunso ako lija, lodzaza ndi inki yofiira. Kenako anavula chipewa, m'menemo muli timapepala topindapinda. Anati mabanja onse a mbali ino alimo, ndipo ine nditole kamodzi nditatseka maso kuti pasakhale tsankho. Ndinatola. Anakatambasula pang'onopang'ono nkupukusa mutu. "Yotamu. Tsoka ilo. Koma maere ndi maere, sindingabweze." Anatenga cholembera chawo, nkuyamba ulendo wa kungalande wapansi, njinga nkuisiya.

Timapepala totsalato anatikhuthulira pamphasa pothamanga. Ine posesa ndinatambasula kamodzi. Yotamu. Kena, Yotamu. Tonse, mwana wanga, Yotamu yekhayekha! Ndinaseka mpaka kukhala pansi, kenako misozi inabwera yeniyeni. Ndatisonkhezera pamoto, ndipo iwe usadzawauze kuti ndinaona.

Anabwerako dzuwa litapendeka, tayi ili m'thumba, maso ali ofiira. Anati ndi fumbi, chonsecho mvula inali itagwa dzulo lake. Ndinawafunsa kuti zayenda bwanji, anati zotsatira sizinatuluke. Ndiye sindikudziwa ngati agwirizana kapena atukwanana. Upemphere.

Amayi ako,
Leticia


Kaporo
19 Disembala 2023

Mwana wanga Ipyana,

Mwaghona. Ife tili bwino. Mvula ikugwa yabwino, nazale yamera.

Ndikudziwitse kuti nanenso ndachita kafukufuku. Njira ndatsata yako yomwe ija, ya maere, ndipo amayi ako ndi mboni kuti anatola okha atatseka maso. Linatuluka banja limodzi. Ukhoza kuwauza a Dokotala ako kuti nambalayo ndi yochepa, ndikudziwa, koma wofufuzayo ndi wokalamba.

Ndinamupeza Yotamu akusoka chingwe pakhonde. Ndinakhala pampando asanandipatse, nkumuwerengera mawu a chilolezo monga unkachitira iwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Akulu, mwayamba liti sukulu?" Ndinamuuza kuti ofunsa ndine. Anasaina ndi cholembera changa chofiira.

Mafunso asanu ndi anayi oyambawo tinawadutsa msanga. Pa lachikhumi ndinafunsa, iye anayankha. Kenako anandilanda pepala nkundifunsa ine funso lomwelo, zimene mwina m'mabuku anu nzosaloledwa. Ndinayankha, ndipo ulendo uno sindinatchule amfumu, komiti kapena mpingo. Ndinamusowa mng'ono wanga, Ipyana. Ndinamusowa kwambiri.

Ndikudziwa kuti ukufuna kumva zonse zimene tinakambirana. Sumva. Ndinamulonjeza kuti zimene anene sizidzafika kwa wina aliyense, ndipo anandifunsa kawiri kuti, "Ngakhale Ipyana?" Ndinati ngakhale Ipyana. Usayesenso za maenvelopu, njira imeneyo ndinaitulukira ndine.

Zimene ndingakuuze ndi zimene aliyense wodutsa panjira angaone. Goli latsika kudenga la khitchini, amayi ako alitsuka mwaye. Kwa a Manase ndatumiza mawu kuti asavutike nafe. Dzulo talima munda wa Yotamu, poti uli kumunsi ndipo madzi amayambira kumeneko. Mawa tilima wathu. Kilombero ndi Faya poyamba amakankhana, wina kukokera uku wina uko, koma titatembenuka kangapo anakumbukira mayendedwe awo. Ine ndimatsogolera ng'ombe, iye amagwira pulawo. Mizere yake ikadali yokhotakhota ngati kale, ndipo ndamuuza pamaso.

Ndine atate ako,
Hudson Mwakalinga
Wofufuza